Fomu Yomwe Amalume Anaipinda

Ndikukumbukira m'mawa wa masiku a Loweruka m'chaka chomwe ndinakwanitsa zaka khumi ndi zitatu. Tinkakhala ku North York, pa nsanjika yachisanu ndi chinayi ya nyumba ina yaitali, ine ndi amayi basi. Bambo anga anamwalira tisanachoke ku Malawi, ndipo amene anatikokera kuno anali amalume anga a Fanuel, mchimwene wa amayi, omwe ankakhala nsanjika zitatu pansi pathu. Amayi ankagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo Loweruka ankachoka kusanache. Ine ndinkatsika pa masitepe nditavala masokosi okhaokha, n'kukagogoda kwa amalume. Mpira wa ku Ulaya kuno umaonetsedwa m'mawa, choncho pamene anzanga a kusukulu ankagona, ife tinkakhala titapenyetsetsa kanema, makapu a tiyi ali m'manja, chipale chofewa chikugwa kunja kwa zenera.

Amalume sankatsata timu. Ankatsata munthu mmodzi, womwetsa zigoli wina wa ku Holland, amene m'nyumba mwathu sitinkamutchula dzina, tinkangoti Mdatchi. Mbiri yake amalume ankaidziwa ngati ya m'bale wawo. Anayambira ku timu yaing'ono ya m'tauni yakwawo, kumene ankasewera pa mabwalo amatope pamaso pa anthu owerengeka. Timu ina yaikulu ya m'dziko lomwelo inamutenga, kenako anawoloka malire kukasewera kunja. Bondo linamuvutitsa nthawi yaitali mpaka anthu n'kumati watha, koma anabwerera. Kulikonse komwe ankapita amalume ankasamuka naye, moti anzawo a ku Zambia omwe ankabwera kudzaonera nawo mpira ankawanyogodola.

"Imwe a Fanuel, chaka chino muli timu iti? Tiuzeni msanga tisanakugulireni jezi yolakwika."

"Timu yanga ndi miyendo ya munthu uyo," ankatero amalume, osachotsa maso pa kanema.

Chomwe ankafuna kuti ndione sichinali zigoli. Ankandiuza kuti mpira aliyense amauona, ine ndiziyang'ana Mdatchi pamene mpira uli kutali naye. Poyamba sindinkaona kanthu, koma milungu itapita ndinayamba kuzindikira. Munthuyo ankayenda ngati wotopa, n'kukaima kumbuyo kwa wotchinga, pamalo pomwe wotchingayo sakanamuona popanda kutembenuza mutu. Kenako, mnzake asanamenye n'komwe mpira, iye ankakhala atanyamuka kale. Wotchinga akamacheuka, zinali zitatha. Ndinkaona ngati ndapatsidwa chinsinsi chomwe anthu odzaza bwalo lonse sankachidziwa.

Chinthu chimodzi chokha chinkawawawa amalume pa mbiri ya munthuyu, ndipo chinali timu ya dziko lake. Ku makalabu ankamudalira, koma akavala jezi ya mtundu wa lalanje nthawi zambiri ankayambira pa benchi, n'kulowa masewero atatsala pang'ono kutha. Chaka chimenecho, pokonzekera mpikisano wina waukulu, dzina lake linasiyidwa. Zinamveka kuti kochi sanamuimbire n'komwe foni, mwini wake anazimvera pa wailesi monga wina aliyense. Tsiku limenelo amalume anaimirira pakati pa chipinda, tiyi n'kutayikira pa kapeti.

"Kumusiya amusiye, ndi udindo wake kochiyo," anatero. "Koma munthu wamkulu amakhala pansi ndi mnzake, n'kumuuza maso ndi maso. Izi ndi mantha, Tadala. Palibe dzina lina, ndi mantha."

Ndinawayang'ana ndi ulemu waukulu. Ndinaona kuti ndili ndi mwayi kuleredwa ndi munthu wodziwa kusiyanitsa zinthu chotere.

Chipale chitasungunuka tinayamba kupita ku paki ina yomwe inali pansi pa nthambo zikuluzikulu za magetsi. Udzu unali udakali wonyowa, ndipo nthambozo zinkalira pang'onopang'ono pamwamba pathu. Amalume ankaika mabotolo apulasitiki m'malo mwa magolo, iwo n'kukhala wotchinga. Anali ndi mimba ndithu, koma ankadziwa kugwiritsa ntchito phewa. Ndikanyamuka mochedwa ankawomba m'manja kamodzi, tiyambirenso. Ndikawapita kumbuyo osandiona ankaseka mpaka kugwira mawondo. Ndinali m'timu ya atsikana a m'dera lathu, yongosewera posangalala, ndipo zigoli zinayamba kubwera popanda ine kukhala wothamanga kuposa anzanga.

Tsiku lina masewero atatha, mayi wina wachizungu wovala chipewa anandiitana pambali. Anati ndi kochi wa timu ya atsikana ku Markham, timu yopikisana m'ligi yeniyeni, yoyenda m'mizinda ina ndipo nthawi zina yosewera Lamulungu. Anandifunsa amene anandiphunzitsa kuima kumbuyo kwa wotchinga. Ndinamuuza kuti ndi amalume, komanso munthu wina wa ku Holland yemwe sakundidziwa. Anaseka, n'kundipatsa fomu. Pakatha milungu itatu kunali kuyesa osewera atsopano, malo anali ochepa, ndipo iye anali atandisungira amodzi. Chomwe chinkafunika chinali siginecha ya kholo basi.

Amayi anaiwerenga fomuyo ataimirira kukhitchini, asanavule n'komwe yunifolomu ya kuntchito. Ndinawapatsa cholembera. Sanachilandire.

"Ndisayina bwanji achimwene asanaone?"

"Koma Mama, alemba kuti kholo. Kholo ndi inuyo."

"Alemba ndi azungu. Iwe uli ndi mwini."

Kwa amene anakulira kuno mawu amenewa akufunika kuwamasulira. Kwathu ku Dedza, ana a mkazi amayang'aniridwa ndi mchimwene wake. Iye ndiye mwinimbumba, ndipo nkhani yaikulu yokhudza mwana, kaya ya sukulu, ya ulendo kapena ya ukwati, sidutsa iye asanaimve. Amayi anawoloka nyanja ndi lamulo limeneli lili lonse, ndipo popeza anali amasiye m'dziko lachilendo, analigwira molimba kuposa mmene akanaligwirira kumudzi. Ine sindinadandaule konse. Ndinasangalala. Ndinkaona kuti mwambo wandikomera, chifukwa nkhani yanga inkapita kwa munthu yekhayo amene ankadziwa bwino chomwe ndinkatha kuchita.

Amalume anaiwerenga mbali zonse ziwiri, anafunsa za masiku a masewero, kenako anaipinda kanayi n'kuiika m'thumba la jekete.

"Iyi ndiisova ine. Nambala ya kochi ndaiona. Iwe ntchito yako ndi kuthamanga."

Ndipo ndinathamanga. Milungu itatu imeneyo tinkapita ku paki pafupifupi tsiku lililonse amalume akaweruka ku ntchito yawo ya ku labu ya chipatala. Anandiphunzitsa kulandira mpira ndi mwendo wakumanzere, womwe unali wouma ngati mtengo. Anandiphunzitsa kusayang'ana goloboyi m'maso. Ndinkabwerera kunyumba mawondo ali obiriwira ndi udzu, n'kugona miyendo ikunjenjemera.

Lamulungu masana tinkasonkhana ndi Amalawi anzathu ndi a ku Zambia m'holo ina yobwereka, kupemphera m'chinenero chathu. Nthawi imeneyo mpingo unkakonzekera kusankha akulu ampingo, ndipo dzina la amalume linali m'gulu la oganiziridwa. Lamulungu loyamba nditalandira fomu, mapemphero atatha, mayi wina wachikulire yemwe mawu ake ankalemera kwambiri pagulupo anandigwira dzanja pafupi ndi tebulo la tiyi.

"Ndiye iwe ndi uja wa makabudula? Tamva kuti uzikagona m'mahotela ndi azungu, ife tili pano tikuimba. Achimwene a Fanuel, mbumba yanu mukuilera chonchi?"

Amayi ena anaseka. Amalume anasekanso, kuseka kwakufupi kopanda mawu, n'kuyamba kufunafuna supuni ya shuga. Ine ndinawerama mwaulemu n'kuchokapo. Sindinaganizeponso za nkhaniyo. Mawu oterewa ndinali nditawamvapo, ndipo ndinkadziwa kuti kumbuyo kwanga kuli munthu.

Tsiku loyesedwa linali Loweruka. Ndinadzuka amayi atapita kale kuntchito, ndinavala, ndinaika nsapato za mpira m'chikwama, n'kukhala pampando kudikira kuti amalume agogode. M'malo mwake foni inalira. Amalume anati awaitana kuntchito mwadzidzidzi, sangathe kundiperekeza, tidzaona ulendo wina. Mawu awo anali ofulumira, ndipo anadula ndisanayankhe.

Ulendo wina kunalibe, zimenezo ndinkazidziwa. Ndinawamvera chisoni amalume, poganiza kuti ziwapweteka kuphonya tsiku lomwe analikonzekera kuposa ine. Ndinaganiza zowadabwitsa. Adiresi ya bwalo ndinali nditaikopera m'kope langa la masamu, choncho ndinatenga kopelo n'kutuluka. Ndinakwera sitima yoyenda pansi pa nthaka mpaka kumapeto kwake, kenako basi yopita ku Markham, komwe ndinali ndisanapiteko ndekha. Ndinatsika msanga poopa kupitirira, ndiye ndinayenda mtunda wautali m'mbali mwa msewu waukulu wopanda mthunzi, kudutsa maofesi agalasi omwe munalibe munthu, magalimoto akundipitirira ndi mphepo yotentha. Njira yonse ndinkayerekeza mmene ndikawafotokozere amalume madzulo, chigoli ndi chigoli.

Pakhomo la bwalo panali tebulo, ndipo bambo wina ankapereka manambala omata pa malaya. Ndinatchula dzina langa. Anayendetsa chala pa mndandanda mpaka pansi, n'kubwereranso pamwamba. Anandipempha kuti ndilitchule chilembo ndi chilembo. Atsikana omwe anali pambuyo panga anayamba kusuntha miyendo. Kenako anaitana kochi uja.

Atandiona nkhope yake inasintha. Anandikokera pambali n'kulankhula motsitsa mawu, m'Chingerezi chosankha bwino ngati cha kuchipatala.

"Tadala, sindimayembekezera kukuona. Amalume ako anandiimbira milungu iwiri yapitayo. Anati banja lagwirizana kuti usalowe nawo. Malo ako ndinapatsa wina."

Chinthu choyamba chomwe mutu wanga unachita chinali kuwerenga masiku. Milungu iwiri. Dzulo lake lomwelo amalume anali atandithamangitsa mpaka dzuwa kupendeka, n'kundiuza kuti mwendo wakumanzere wayamba kumva. Ndinapempha kochi kuti andilole kusewera ngakhale mphindi khumi. Anapukusa mutu, nati popanda siginecha sangandilowetse m'bwalo, chifukwa nditavulala mlandu ungakhale wake. Kenako anafunsa, mosokonezeka ndithu, kuti amayi anga akuti chiyani, popeza fomu imafuna kholo osati amalume. Ine ndinalibe Chingerezi chofotokozera kuti mwinimbumba ndani. Ndinangoti zikomo.

Sindinachoke nthawi yomweyo. Ndinaima kunja kwa mpanda wawaya, chikwama chili kumsana, n'kuonera kwa kanthawi. Panali mtsikana wina wamtali wotchinga kumbuyo yemwe sankacheuka konse. Ndinaona malo enieni omwe ndikanaima, ndi nthawi yeniyeni yomwe ndikananyamuka. Ndinaziona katatu. Kenako ndinakafuna basi.

Nditafika kunyumba masana, galimoto ya amalume inali pamalo pake poimika magalimoto. Ndinaigwira pa boneti, inali yozizira. Ndinakwera n'kugogoda kwa amalume. Anatsegula atavala masilipasi, kanema ikulira kumbuyo kwawo. Anayang'ana nkhope yanga, kenako chikwama, n'kudziwa. Amayi analinso momwemo, atangobwera kuchokera kuntchito, atakhala pa sofa mapazi ali pa kapeti. Kwathu mwana salankhula ndi akulu ataimirira. Tsiku limenelo sindinakhale pansi.

"Wapita wekha ku Markham?" anatero amalume. "Ukanasochera bwanji? Ukudziwa mabasi a kumeneko mmene amavutira?"

"Munati munthu wamkulu amauza mnzake maso ndi maso."

Anatenga rimoti n'kutsitsa mawu a kanema.

"Zinthu zina, Tadala, mwana sangazimvetse. Timu ija imasewera Lamulungu. Imagona kunja. Anthu amalankhula, ndipo akamalankhula satchula iwe, amatchula ine ndi amayi ako."

"Nanga dzulo mumandithamangitsiranji?"

Amalume anayankha motsitsa kwambiri, moti ndinachita kutchera khutu.

"Ndimaona mmene umasangalalira."

Ndinatembenukira kwa amayi, ndikuyembekeza kuwaona odabwa ngati ine. Ankayang'ana zikhadabo zawo. Anati achimwene anawauza kalekale, ndipo analonjeza kuti andiuza okha. Amalume anati ankaganiza kuti nkhani yotere imamveka bwino ikachokera kwa mayi. Ndinazindikira pamenepo kuti kwa milungu iwiri anthu awiriwa ankandiona ndikutsuka nsapato zanga usiku uliwonse, aliyense akudikira kuti mnzake ayambe. Foni ya m'mawa ija inali njira yawo yomaliza: ankayembekeza kuti ndikhala pakhomo, ndilira pang'ono chifukwa cha tsoka la ntchito yadzidzidzi, ndipo sindidzadziwa konse kuti panali chigamulo.

Kenako amayi anakweza mutu, ndipo mawu awo analimba.

"Koma ulankhula choncho kwa amalume ako, utaimirira? Takhala pansi upepese."

Ndinagwada pa kapeti, n'kunena kuti pepani amalume. Iwo anati zatha, mwana wanga, zatha, ndipo anaika dzanja pamutu panga. Dzanjalo linali lofunda monga mwa masiku onse, ndipo chimenecho ndicho chinandipweteka koposa.

Mwezi wotsatira amalume anasankhidwa kukhala mkulu wampingo. Ndinaimba nawo pa mwambowo. Loweruka m'mawa ndinasiya kutsika masitepe, ndipo palibe amene anandifunsa chifukwa. Ndinaseweranso mpira kusukulu zaka ziwiri, koma ndinkanyamuka mpira utamenyedwa kale, monga wina aliyense. Mdatchi anadzaitanidwanso ku timu ya dziko lake, ndipo pambuyo pake anabwerera kwawo kukamalizira ku kalabu yomwe inamulera. Nkhani zonsezi amalume ankandiuza tikakumana pakhomo la nyumba, mwachangu, ngati munthu wopereka mphatso yomwe akuopa kuti ikanidwa. Ndinkawathokoza mwaulemu.

Sindinganene kuti ndikanakhala katswiri. Atsikana ambiri amayesedwa, ochepa amatengedwa, ndipo mwa otengedwawo ambiri amasiya. N'kutheka kuti mtsikana wamtali uja akanacheuka nthawi yake n'kundigwetsa pansi. Chomwe ndinalandidwa sichinali tsogolo la mpira, chifukwa tsogolo limenelo palibe amene analiona. Ndinalandidwa mwayi wokanidwa poyera, wotsutsa, wolira pamaso pa wondikanayo, ndi wodziwa pamene ndaima.

Ndili ku yunivesite ndinkaimba mlandu mwambo. Ndinali nditaphunzira mawu akuluakulu ofotokozera mmene miyambo imapanikizira atsikana, ndipo ndinkawagwiritsa ntchito mosavuta. Lero ndimaona kuti ndinkaphonya pang'ono. Zifukwa zina za amalume sizinali zopanda pake. Mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu wogona m'mizinda yachilendo, mayi ake ali pa shifiti, ndi nkhani yoti munthu wanzeru angaikayikire. Akanandikhazika pansi n'kundiuza kuti ayi, ndikanakwiya mwezi wathunthu, koma ndikanapitiriza kugogoda pakhomo pawo. Mwambo unawapatsa mphamvu yogamula, ndipo pamodzi ndi mphamvuyo unawapatsa katundu wonyamula mkwiyo wa wogamulidwayo. Iwo anatenga mphamvu, katunduyo n'kumusiyira mayi wachilendo wovala chipewa, yemwe anachita kundiuza m'malo mwawo pambali pa tebulo la manambala. Ndipo anachita zimenezi osati chifukwa chondida, koma chifukwa ankafuna kuti mpingo uwalemekeze, inenso ndipitirize kuwakonda, zonse ziwiri popanda kutayapo kanthu.

Amalume tsopano anapuma pa ntchito, amakhala ku Hamilton. Ndimakwera sitima kukawaona kangapo pachaka, ndimawatengera mankhwala ndi zipatso, ndipo timacheza bwino za nyengo ndi za kumudzi. Nkhani ya ku Markham sitinaikambenso.

Ndili ndi mwana wamkazi yemwe Chichewa amachimva koma amayankha m'Chingerezi. Chilimwe chathachi anapempha kupita kukagona kunyanja masiku atatu ndi banja la mnzake lomwe sindilidziwa bwino. Ndinaganiza mofatsa, n'kuona kuti sindingalole. Njira zosavuta zinalipo zambiri. Ndikanatha kunena kuti bambo ake ndi amene akana, kapena kuti tili ndi ulendo wina, kapena kungochedwetsa yankho mpaka malo m'galimoto atadzaza. Ndinamuitana, ndinazimitsa foni yanga, ndinamuuza kuti yankho ndi ayi, kuti wagamula ndine, ndi zifukwa zanga zonse, ngakhale zomwe ndinkadziwa kuti aziona ngati zopusa. Anandiuza mawu omwe ine sindikanayerekeza kuwanena kwa amayi anga, n'kumenyetsa chitseko. Sindinamuuze kuti apepese tsiku limenelo.

Anandida masiku anayi. Ankadya osandiyang'ana, ndipo ndikalowa m'chipinda ankatuluka. Anali masiku olemera, koma ndinawanyamula ndekha onse anayi, chifukwa anali anga.